Kukatenga Mwana ku Phiri la Eni

Mkazi wanga anazimitsa hita tsiku lomwe a boma anatiuza kuti asiya kufunafuna mwana wathu. Anapita kukhitchini, natsegula kabati ya boila yotenthetsa nyumba, nadina batani, nabwerera pampando wake. Unali mwezi wa Novembala. Amene anakhalako ku Bradford akudziwa kuti nyumba zogundizana za kuno, za miyala yakuda zija, zimasunga chisanu monga mtsuko usungira madzi.

Mwana tinali naye mmodzi, wamwamuna. Anabadwira kuno, anaphunzira ku yunivesite ku Manchester, napeza ntchito ya makompyuta komweko. Ankakonda mapiri. Ine ndinakulira ku Phalombe, phiri la Mulanje lili pamutu panga, ndipo kwathu munthu amakwera phiri akafuna nkhuni, nsungwi kapena matabwa. Iye ankakwera kuti akaone basi. Chaka chimenecho anapita ku Nepal ndi anzake awiri, kukayenda wapansi m'paki ina ya kumapiri aatali. Kumtunda kwa mudzi wina phiri linagumuka, miyala ndi sinoo, madzi oundana aja, pamodzi. Anzake anali m'mbuyo, anapulumuka. Iye anali patsogolo. Thupi lake silinapezeke.

Nditafuna kuyatsa hita usiku woyamba, mayi ake anandigwira dzanja.

"Ine ndiothe, iye ali mu sinoo?"

Ndinaganiza kuti zitha pakapita sabata.

Sizinathe. Mkazi wanga ndi namwino pa chipatala chachikulu cha kuno. Amadziwa bwino chimene chisanu chimachita m'chifuwa cha munthu. Komabe ankachoka ku wodi yofunda, nafika kunyumba, nakhala pabalaza atavala jekete, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Ine ndimagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu ku Wakefield. Ndinkatsika sitima madzulo ndikudziwa kuti ndikupita kozizira kuposa panja. Mapemphero a maliro anawakana. Anati kulira munthu wopanda mtembo n'kumulodza.

Anzathu a kutchalitchi ankabwera kudzapepesa. Ankakhala atavala zipewa, kuyimba nyimbo mano akugundana, osafunsa. Akanyamuka ndinkawaperekeza mpaka pa siteji ya basi, monga timachitira. Apa mpamene ndinkamukumbuka kwambiri mwana wanga. Ali wamng'ono, ndinkamukakamiza kuti tiperekeze limodzi alendo, ngakhale kukugwa mvula. Ankayenda akukoka mapazi, n'kumadandaula m'Chingerezi kuti anthu akuluakulu ngati amenewa akudziwa kumene kuli basi. Ndinkamuuza kuti mwini nyumba satsekera mlendo chitseko kumsana: amayenda naye mpaka pamalire, kenako n'kubwerera. Atakula anasiyiratu. Ankangokweza dzanja ali pa masitepe.

Mu Febuluwale mayi ake anagonekedwa ndi chibayo, m'chipatala chake chomwe, anzake akumuika mapaipi m'mphuno. Anachira. Koma dokotala, mayi wa ku India wosazungulira polankhula, ananditengera pambali nandiuza kuti mapapo amenewo sangapirire dzinja lina, nyengo yachisanu ya kuno, m'nyumba yozizira. Chilimwe chinabwera, chinapita. Masamba atayamba kufiira, batani lija linali likadali momwemo.

Ndinaimbira foni alamu anga, mchimwene wake wa mkazi wanga, amene ndiye atsibweni a mwanayo. Iwo ali ku Phalombe, amasoka zovala pa khonde la sitolo.

"Alamu," anatero, "mwakhala kwa azungu mpaka mwaiwala kuti munthu satayidwa ngati khasu lothyoka?"

"Nanga titani? Boma la kumeneko linalephera."

"Boma limafuna mtembo. Ife tikufuna mwini wake. Kodi amene anatengedwa ndi napolo kuno tinawapeza onse? Simumaona zimene ankachita akuluakulu?"

Anandiuza. Ndipite pamalo pomwe anathera. Nditole mwala, ndiukulunge m'nsalu yoyera, ndimutchule dzina, ndimuuze kuti tiye kwathu. Pamtsinje uliwonse ndimuuze kuti tikuwoloka, chifukwa wakufa sawoloka madzi osauzidwa. Ndipo ndisacheuke mpaka nditatuluka m'dera la phirilo.

"Mukacheuka mwamuchititsa manyazi, abwerera. Ndipo musanyamule chimwala chachikulu ngati mukukamanga chimbudzi, alamu. Ndikukudziwani inu."

Ndine Mkhristu. Mkazi wanga ndiye kwambiri. Nditamufotokozera anati, "Ine sindinamve zimene akuuzani achimwene." Tsiku lonyamuka ndinapeza pamwamba pa chikwama changa kansalu koyera kopindidwa bwino. Anadula pa pilo ya pabedi la mwanayo.

Za ndege ndi za mzinda wawo waukulu sindinena zambiri. Fumbi, njinga zamoto, mawaya amagetsi opiringizana ngati ku Limbe. Ndinapeza wondilondolera njira, bambo wa msinkhu wanga, wamfupi, wa dzino limodzi lagolide. Ankalankhula Chingerezi chake, ine changa, tinkamvana. Ndinamuuza kumene ndikufuna kupita ndi chifukwa chake. Anandiyang'ana nsapato, kenako mimba.

"Achimwene," anatero, pakuti m'chilankhulo chawo nawonso amatchulana choncho, "mimba iyi muisiya kumtunda. Phiri limalipiritsa ndi nyama."

Pa chipata cha paki panali asilikali, anaona mapepala athu natilola. Pambuyo pa chipatacho panali mlatho wolendewera pa mawaya, wautali, mtsinje woyera ngati mkaka ukubangula pansi patali. Pa mawayapo anamangirirapo tinsalu tambirimbiri, tobiriwira, tofiira, tachikasu, tina totuwa ndi dzuwa. Wolondolera uja anati ndi mapemphero: mphepo ikawomba, yawerenga. Ndinawoloka nditagwira mbali zonse ziwiri, ndikuyang'ana msana wake.

Tinakwera masiku angapo. Poyamba munali nkhalango ya paini ndi mitengo ya maluwa, kenako mitengo inayamba kufupika, kenako inatha. Mapiri oyera aja sankaoneka tsiku lonse. Mitambo ikang'ambika ndinkawafuna pamene phiri liyenera kuthera, osawapeza, mpaka wolondolera andikweze chibwano. Anali pamwamba, pamene kwathu pamakhala dzuwa la masana. Mutu unkandipweteka ngati wamangidwa ndi waya. Ndinkayenda pang'ono n'kuima.

"Mukupuma ngati ng'ombe yokalamba," ankatero. "Zili bwino. Ng'ombe yokalamba imafika."

Midzi yawo ndi ya miyala, nkhuni zitaunjikidwa padenga, minda ya mbatata yaing'ono ngati mphasa, yotchingidwa ndi makoma. Ng'ombe zawo n'zaubweya wofika pansi, zimavala mabelu. Anthu ake ndi achibuda. Polowa m'mudzi uliwonse pamakhala khoma lalifupi pakati pa njira, la miyala yafulati yosemedwa zilembo, ndipo munthu amalidutsa lili kudzanja lake lamanja. Tsiku loyamba ndinadutsa mbali yolakwika, wolondolera anandikoka chikwama ngati mwana. Pena mtsinje umazunguza chigubu cha mapemphero m'kanyumba, belu likulira lokha popanda munthu. M'mawa uliwonse ankatentha masamba a mtengo wina pakhomo. Fungo lake linandiimitsa panjira. Linali la mkungudza, lenileni, la matabwa amene bambo anga ankatsitsa pa Mulanje atasenza pamutu.

Mudzi womaliza unali wa nyumba zochepa, pansi pa chigwembe. Tinafikira kwa mayi wina amene amagoneka apaulendo. Anali wamphamvu, wa masaya ofiira osweka ndi mphepo, mawu ake okweza ngati wogulitsa nsomba. Anatipatsa tiyi wawo wa mchere ndi batala. Ndinalandira ndi manja awiri. Iye sanasiye kapu. Anandiyang'ana manja, kenako nkhope, nalankhula mofulumira kwa wolondolera.

"Akuti mwana wanu anagona chipinda icho," anatero wolondolera. "Akuti nayenso ankalandira choncho. Alendo ena amalandira ndi dzanja limodzi ngati akutola chawo."

Mayiyo anasiya kapu ija m'manja mwanga, nadziloza pachifuwa, nanena mawu amodzi, mowakoka: "Zikomo."

Anawamva kwa mwana wanga, amene kunyumba ankatiyankha m'Chingerezi chokhachokha. Ndinamwa tiyi uja. Sanali wokoma, koma ndinamaliza.

M'mawa tinakwera kukaona malowo. Ndinkaganiza kuti ndipeza pamalo, poti n'kuloza kuti apa. Ndinapeza phiri lonse litakhuthukira m'chigwa. Miyala yotuwa, ina yaikulu ngati basi, kuyambira kumitambo mpaka kumtsinje, popanda udzu ngakhale umodzi. Njira yatsopano inadutsa pamwamba pake ngati ulusi. Kunalibe mbalame. Pansi pa miyala pankamveka madzi oyenda osaoneka.

Ndinaima nthawi yaitali. Mwala uti? Yonse inali yofanana, ndipo uliwonse ukanatha kukhala kutali ndi iye. M'mphepete mwa chigumukirecho munali khoma lina la miyala yosemedwa, lalifupi, looneka latsopano. Pamwamba pake panali kamwala kafulati, koyera bwino, zilembo zake zakuthwa, kokwana m'thumba la jekete. Ndinaganiza kuti mwana wanga sayenera kupita kwa mayi ake pa mwala wamba. Wolondolera anali atapita kuseri kukataya madzi. Ndinatambasula kansalu kaja, ndinanyamula kamwalako.

Kukuwa kunachokera kumbuyo kwanga. Mayi uja anali atatitsatira ndi dengu kumsana. Analiponya pansi, nathamanga pamiyala ngati mbuzi, nandigwira pamkono mwamphamvu moti zala zanga zinatseguka zokha. Anabweza kamwalako pamalo pake, nakasisita ndi chikhatho, akundilalatira. Wolondolera anafika akumanga lamba.

"Achimwene, achimwene! Ndangokusiyani pang'ono!"

"Akuti chiyani?"

"Akuti ndinu bambo wamkulu wopanda nzeru. Zinazo sindimasulira." Anamvetsera kwa mayiyo. Nkhope yake inasintha. "Khoma ili analimanga a m'mudzi chifukwa cha amene anathera apa. Mwamuna wawo analinso momwemo, ankatsitsa ng'ombe. Mwala waukuluwo ndi wa mwamuna wawo. Waung'onowu anapempha wansembe kuti auseme. Ndi wa mwana wanu. Akuti mukauchotsa mwamuvula chofunda."

Ndinakhala pansi pomwepo. Mayiyo anakhalanso, akupuma mwaukali. Kenako anayamba kufotokoza, wolondolera akumasulira pang'onopang'ono. Kwa iwo, munthu akafa amakhala masabata angapo ali panjira, wosokonezeka, wanjala, osadziwa kuti wafa. Chakudya chake ndi fungo. Ndiye m'mawa uliwonse, masabata onsewo, mayiyo ankatentha ufa wa balere wosakaniza ndi batala pa makala, mbale ziwiri, ya mwamuna wake ndi ya mlendo. Ankayatsa nyale ziwiri. Wansembe ankabwera kudzawawerengera mawu owalozera njira: mwafa, musaope, musakakamire za kuno, pitani.

"Akuti mnyamata wa eni, wopanda wake pafupi, akanamusiya bwanji ndi njala?"

Ndinawauza chimene ndadzera. Ndinaonetsa kansalu. Ndinati kwathu timamuitana, timapita naye kumudzi. Mayiyo anamenya manja pa maondo.

"Akuti, ife tinamuuza kuti apite, inu mukuti abwere. Mukufuna ang'ambike pakati?"

Funso limenelo ndilibe yankho lake mpaka lero.

"Akufunsa kuti mayi ake ali kuti."

Ndinafotokoza za nyumba ya ku Bradford, za batani, za chibayo, za dzinja limene linali pafupi. Wolondolera anavutika kumasulira hita, anachita kujambula ndi manja. Mayiyo atamva anapukuta mphuno ndi mkono wa malaya, nanena mawu ochepa.

"Akuti, mkazi wopusa ngati ine. Iwo anagona dzinja lonse opanda bulangete."

Anadzuka, nalowa pakati pa chigumukire, nayenda uku ndi uku akuyang'ana pansi ngati wofuna bowa. Anabwera ndi mwala wamba, wotuwa, wa nsonga, waukulu ngati dzira la nkhuku.

"Akuti uwu ndi wa phiri, ulibe mwini. Muitaneni. Akafuna abwera. Akapanda kufuna musamukoke."

Ndinaukulunga. Ndinaimirira, ndinavula chipewa, ndinamutchula dzina lake lonse, ndi la kwa atsibweni ake lomwe. Mawu anga anamveka aang'ono. Ndinati, "Ndine bambo ako. Mayi ako akudwala. Tiye kwathu." Ndinaika mwalawo m'thumba la mkati, ndinatembenuka.

Potsanzikana mayiyo anandikoleka nsalu yopyapyala yoyera m'khosi, monga amachitira ndi apaulendo, nandipatsa ina yopinda. Imeneyo anati ndi ya mayi ake.

Ndinapempha wolondolera kuti potsika azikhala patsogolo nthawi zonse, ndipo asandiitanire chilichonse cha kumbuyo. Anavomera osafunsa. Nthabwala zake zinachepa.

Tsopano ndinena zimene ndinamva. Sindikuti ndi chakuti kapena chakuti. Ine sindinagwire ndodo, wolondolera nayenso ayi. Koma titangotuluka m'mudzimo, kumbuyo kwanga kunayamba kumveka nsonga yachitsulo ikugunda pamwala. Tche. Tche. Ndodo zoyendera m'mapiri zimalira choncho. Mwana wanga anali nazo ziwiri, ankazipachika kuseri kwa chitseko. Ndikaima, inkagunda kamodzi n'kuima. Ndikayamba, inkayamba. Apaulendo ena akatipitirira ndi ndodo zawo, phokoso lawo linkapita nawo, ili n'kutsala. Mwina inali zipi ya chikwama changa. Mwina magazi m'makutu, pakuti kumtunda kumeneko thupi limachita zachilendo. Ndinafunsa wolondolera kamodzi ngati akumva kanthu.

"Ine ndikumva mtsinje, achimwene," anatero osatembenuka. "Inu mverani zanu."

Khosi linkandiyabwa kufuna kucheuka. Ndinkayang'ana nsapato za wolondolera. Pa kamtsinje kalikonse, ngakhale kodumpha ndi phazi limodzi, ndinkagwira pachifuwa n'kunena kuti, "Tikuwoloka." Khoma lililonse la miyala ndinkalidutsa lili kumanja, kuti ndisamulakwitse kwa anthu amene anamudyetsa. Tinadutsa midzi, mitengo inabwerera, mutu unasiya kupweteka. Kugunda kuja sikunasiye. Ndinayamba kukuzolowera. Ndinkalankhula naye za mpira, za sitima za ku Wakefield zochedwa, za mnansi wathu amene anagula galimoto yosakwana pamsewu wathu.

Tinafika pa mlatho wautali uja wa pa chipata. Ndinagwira pachifuwa. Ndinati, "Uwu ndi waukulu, mwanawe. Tikuwoloka." Ndinaponda pa zitsulo. Kumbuyo kunamveka tche, pa mwala womaliza wa m'mphepete. Ndinayenda. Ndinamvetsera. Mtsinje, mphepo, tinsalu tikukupiza. Ndinafika pakati, ndinaima, mlatho ukugwedezeka. Ndinanenanso mokweza. Palibe.

Kutsogolo kunali abulu onyamula katundu akudikira kuti ndichoke, mwini wake akuimba mluzu. Wolondolera anali ataima kutsidya, akuyang'ana kupyola phewa langa, kenako anayang'ana pansi. Sindinamufunse. Ndinakumbukira mawu a mayi uja, akuti musamukoke. Ndinawoloka osacheuka.

Mwambo ndinaumaliza. M'ndege ndinauza mwala kuti pansipa pali nyanja. Ku Manchester ndinauuza kuti tatsika. M'sitima, pa mtsinje ndi pa ngalande iliyonse, ndinkanong'ona, mtsikana wokhala moyang'anana nane akundiba ndi diso. Koma thumba linali lopepuka. Ndinkadziwa.

Ndinafika masana, kukuwaza mvula. Mkazi wanga anali pabalaza atavala jekete ndi mpango, akutsokomola. Ndinaika kansalu patebulo, ndinakatambasula. Anayang'ana mwalawo osaukhudza.

"Wabwera?"

Njira yonse ndinkakonza bodza. Nditaona nkhope yake linandithawa. Ndinakhala pansi, ndinayamba ndi tiyi wa mchere. Ndinamuuza za manja awiri, za zikomo. Ndinamuuza za kamwala kamene ndinafuna kuba, za mayi wolalata, za mbale ziwiri pa makala.

"Tsiku lililonse?" anafunsa.

"M'mawa uliwonse."

"Ufa ndi batala basi?"

"Akuti iwo amadya fungo."

Anagwedeza mutu ngati namwino amene wamva kuti wodwala wamwa mankhwala. Ndinamupatsa nsalu yopinda ija. Anaifunyulula, anainunkhiza. Inali ikadali ndi utsi wa mkungudza. Kenako ndinamuuza za ndodo, kuyambira kumudzi mpaka pa mlatho, ndi mmene inasiyira.

Kenako anafunsa:

"Mlathowo uli pati?"

"Pa chipata. Pomwe pathera dera lawo."

"Ndiye anakuperekezani."

Ine ndinali ndisanaganize choncho. Ndinkangoti wandikana.

"Mpaka pamalire," anatero, "n'kubwerera." Anaseka kamodzi, kuseka kosweka, misozi ikutsika. "Uja ankakana kufika pa basi. Bambo ake, mlendo saperekeza mnzake. Woperekeza ndi mwini nyumba."

Anakulunga mwala uja m'nsalu zonse ziwiri, yake ndi ya mayi wa kuphiri, nauika pa shelefu pafupi ndi chithunzi. Anapita kukhitchini. Ndinamva kabati ya boila ija ikutseguka.

Mapemphero tinachita mwezi wotsatira, anthu anavula majekete. Alamu anga nditawauza anati mwambo sunayende bwino, kenako anati mwina unayenda, kenako anapempha kuti mwalawo tidzapite nawo ku Phalombe. Mkazi wanga akuti tidzaona. Chifuwa chake chili bwino.

Mapaipi a nyumba zakale za kuno akayamba kutentha amalira. M'mawa wa dzinja, ndikamamanga nsapato pakhonde la mkati kuti ndikakwere basi yopita kusiteshoni ya sitima, hita ya kumbuyo kwanga imagunda. Tche. Tche. Ndikudziwa kuti ndi chitsulo chikufutukuka. Komabe ndimamaliza kumanga, ndimatsegula chitseko, ndimatuluka, ndipo sindicheuka mpaka nditafika pa siteji ya basi.